Wogula wa ku Georgia

Galimoto lokoka ngolo ya mahatchi litangokhota pageti, Orval Brekke anagunyuza mnzake Hollis ndi chigongono.

"Taona nambala yakeyo. Georgia! Munthu wadula Amerika yense pakati chifukwa cha Banjo wanga. Iwe umakhala kuseri kwa mpandawu, koma unakana ngakhale kudzamuona."

"Ndimamumva akutsokomola ndili kwanga," anatero Hollis. "Ndiyenderenji?"

"Tseka pakamwa, galu iwe."

Banjo anali hatchi yokongola ndithu, yofiirira, yakhosi lalitali, koma chifuwa chake chinatha kalekale. Akathamanga pang'ono ankapuma ngati mvukuto yobooka. M'chigwa chonsecho cha ku Montana munalibe amene akanamutenga ngakhale mwaulere, chifukwa anthu ankaidziwa hatchiyo, ndipo mwini wake ankamudziwa koposa. Ndiye Orval analamula mkazi wake Twila kuti aike zithunzi pa intaneti. Iye kompyuta sankaikhudza, ankati n'choseweretsa cha anthu osowa ntchito. Nyengo yonse yachisanu Twila ndiye ankayankha mafunso a wogulayo, Orval akungokuwa ali gone pasofa: "Umuuze kuti imathamanga ngati mphepo. Ukatha undibweretsere mowa."

Pa nkhani ya ogula, Orval ankadziyesa pulofesa. Wogula wapafupi, iye ankati, ndi mfiti: amabwera, n'kusuzumira m'kamwa mwa hatchi, n'kunena kuti akaganize kaye. Wabwino ndi wakutali. Akamafika msana utauma, matako atachita dzanzi, nzeru zimakhala zitatsala panjira. Woteroyo ukhoza kumugulitsa bulu wamiyendo itatu, iye n'kukuthokoza.

Mlendoyo anatsika. Anali bambo wamfupi, wadazi, wolankhula motsitsa, dzina lake Lamar Pettway. Kuphazi anavala nsapato zoyera zothamangira. Orval ataziona anayang'ana kumwamba ngati wothokoza Mulungu.

"Takulandirani, akulu! Mwayenda bwanji?"

"Bwino, bwana Brekke. Kutali ndi kutali ndithu."

"Chabwino sichikhala pafupi."

Twila anatuluka ndi khofi, maso ali pansi.

"Uyu ndiye mlembi wanga uja," anatero Orval. Anapsontha khofiyo n'kukwinya nkhope. "Shuga ali kuti? Zaka zonsezi sunaphunzirebe? Bwerera m'nyumba, pano tikukamba za amuna."

Twila anabwerera m'nyumba.

Kukhola zonse zinali m'malo mwake. M'mawa Orval anali atamwetsa Banjo mankhwala a chifuwa, n'kunyowetsa udzu wake kuti fumbi lisamupalamule. Koma zonsezo kunali kudzivutitsa chabe. Lamar sanayang'ane mano, sananyamule chiboda ngakhale chimodzi, sanaike khutu panthiti. Anangoima chapatali, n'kutambasula dzanja, n'kusisita mphuno ya hatchiyo ngati akusisita mphaka wa eni.

"Ndi yayikulu, eti?" anatero.

Hollis anatsamwa ndi malovu. Orval anamuponda phazi.

"Bwana Brekke, pali chimodzi chokha," anapitiriza Lamar. "Kwathu kuli mitunda. Ndikufuna ndione ngati ili ndi mphamvu. Mungaikwere mpaka kuseri kwa chitunda icho, mukazungulire, ndione m'mene ibwerere?"

Orval anayang'ana kumene mlendoyo ankaloza. Chitundacho chinali kumapeto kwenikweni kwa famu, ndipo Banjo sakanachizungulira ngakhale theka asanayambe nyimbo yake. Koma Orval sanali wobadwa dzulo. Anamanga chishalo akuimba mluzu.

"Khalani pamthunzi, akulu. Musaphethire, mungaphonye."

Ananyamuka mwaliwiro, fumbi kobo, chipewa akuchigwedeza m'mwamba. Atangobisika kuseri kwa chitunda anakoka zingwe n'kudumphira pansi. Banjo anazyolitsa mutu, nthiti zikukwera n'kutsika, chifuwa chikulira ngati chitseko cha dzimbiri.

"Tsokomola zonse zithere kuno, nkhalamba," anatero Orval. "Mawa ukatsokomolera ku Georgia."

Anamasula lamba wa chishalo. Anapukuta thukuta la hatchiyo ndi udzu wouma. Kenako anakhala pamwala, n'kuyatsa fodya, n'kuyamba kukonza m'mutu m'mene akaifotokozere nkhaniyi kumalo omwera mowa Loweruka. Pa nsapato zoyera zija anaseka yekha mpaka misozi. Fodya atatha anayatsa wina. Sanafune kupupuluma: munthu wochokera ku Georgia akanadikira ngakhale mpaka Khirisimasi.

Mpweya wa Banjo utakhazikika, Orval anamuyendetsa chapansi mpaka pamsonga pa chitunda, n'kukwera, n'kutsetsereka mothamanga, chifuwa chili patsogolo ngati msilikali wapachikondwerero. Analowa pabwalo hatchi ikupuma bwinobwino.

Pabwalopo panalibe galimoto. Panalibe ngolo. Panali Hollis yekha, atatsamira mpanda, akudzikupiza ndi chipewa, malaya ali chinyowere ndi thukuta.

"Ali kuti munthu uja?"

"Wapita."

"Wapita? Iwe Hollis, wamuuza za chifuwa! Njoka iwe, ndikuthyola khosi lero!"

"Za hatchi sanafunse n'komwe," anatero Hollis. "Ine andipempha kuti ndiwathandize kukweza katundu basi. Bedi, firiji, sofa yako ija. Twila wakhala kutsogolo, pambali pa mlendoyo. Wati ndikuuze kuti munthuyo amaopa mahatchi."