Chiwaya cha Pachinsalu

Mbewa itamenya mphaka ndi chiwaya pachinsalu, bwalo lonse la ku Soche linafa ndi phwete. Che Hamdani, dalaivala wa galimoto ya kanema ya atsamunda, anaseka nawo.

Kenako a Bennet, ofotokozera anthu zithunzizo m'Chinyanja, anakuwa pachimkuzamawu: "Mphakayu ndi Che Hamdani! Mbewayo ndi mayi akunyumba kwawo!"

Khamu linacheuka, zala zikuloza chotupa pachipumi pa Che Hamdani. Iwo anali atauza aliyense kuti anadzigunda pachitseko. Zoona zake anaululira a Bennet okha m'mawa womwewo, akunyemerana chinangwa chimodzi.

"Achimwene, n'zocheza izi," a Bennet anawanong'oneza.

"Ndiye chezani," anatero Che Hamdani, nazimitsa injini yoyendetsa kanemayo.

Chinsalu chinangoti bii, chimkuzamawu zii. Maso onse anatembenukira kwa a Bennet.