Wogula Wonyoza Makina

Bambo wa chipewa uja anabweranso, chitsulo chili kukhwapa, ndipo Mlomo anakamulandirira pakhomo penipeni.

Mlomo ankagulitsa makina a zitsulo mu holoselo ya apongozi ake: odulira, oboolera, opindira ndi owotcherera, onse atandandalikidwa m'chinyumba chachikulu chonunkha girisi. Dzinalo anamupatsa anzake chifukwa pakamwa pake sipankauma. Koma makina sagulidwa ndi mawu okha. Panali patapita miyezi osagulitsa ngakhale amodzi, ndipo apongoziwo anali atanena mosapsatira kuti mwezi uno ukatha chimodzimodzi, akafune ntchito kwina. Kuchotsedwa ntchito n'kowawa, koma kuchotsedwa ndi bambo a mkazi wako ndiye kumakutsatira mpaka kuchipinda. Mlomo ankaopa, ndipo manthawo anali atayamba kumuwondetsa.

Lamulo la pamalopo linali lakuti wogula aziyesa makina ndi chitsulo chake asanapereke oda, kuti asadzabwere ndi madandaulo. Palibe amene ankalemekeza lamuloli kuposa bambo wa chipewa. Tsiku loyamba anayesa makina odulira, nayang'anitsitsa podulidwapo, n'kupukusa mutu.

"Kudula amadula, koma phokoso," anatero.

Apo mtima wa Mlomo unakhala m'malo. Zaka zake pa malonda zinamuphunzitsa kuti woyamikira katundu amakhala wongodutsa, wogula weniweni ndi amene amanyoza. Ndipo munthuyu kunyoza ankakudziwa. Makina opindira anati ndi aulesi. Owotcherera anati amadya magetsi ngati ali ndi njala ya chaka chatha. Akatero ankanyamula chitsulo chake, amvekere akukaonetsa anzake a kukampani. M'mawa mwake ankatulukira ndi china, poti anzakewo anali anthu ovuta kukhutira.

Mlomo sanatope. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ankavula jekete, kupinda malaya m'mikono, n'kugwira yekha ntchitoyo kuti mlendo asadetse manja. Akauzidwa kuti apinde pang'ono chabe, ankapinda pang'ono chabe. Akauzidwa kuti abwereze, ankabwereza akumwetulira. Tsiku lina anamugulira chakumwa ndi ndalama yake ya basi, iye n'kubwerera kunyumba wapansi. Ogula ang'onoang'ono, ofuna mabawuti ndi mano a sowo, ankangowalozera kwa mnzake ndi chibwano.

Kunyumba anauza mkazi wake kuti aleke kuusa moyo, zinthu zatsala pang'ono kuyera. Kwa apongozi ndiye anatsegula pakamwa ponse. Anati wapeza kampani yofuna makina a mtundu uliwonse, mwinanso awiriawiri, moti chofunika n'kuyamba kusaka lole yonyamulira. Apongoziwo nthawi zambiri ankakhala ali koyenda kukaoda katundu, ndipo akabwera ankadzitsekera mu ofesi yawo ya m'mwamba. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anamuyang'ana mkamwini wawoyo kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Munthu wotereyo ndimuone ndi maso anga," anatero. "Akabwera mundiitane."

Ndiye lero linali tsiku lotsiriza la mweziwo. Mlomo anali atalawirira kupukuta makina onse, ngakhale amene sanayesedwe. Anakhazika mlendo wake pampando wabwino, pafupi ndi makina oboolera, natuma mnzake kukagogoda m'mwamba muja. Bambo wa chipewa anali atalembalemba kale ndi choko malo ofunika kuboola. Mlomo anayatsa makina, n'kuyamba kuboola mosamala, bowo lililonse pamalo pake. Mlendoyo anasuzumira, nanena kuti makinawo amanjenjemera. Mlomo anatsala pang'ono kumukumbatira.

Apongozi anatsika masitepe pang'onopang'ono, atamanga tayi imene ankavala pa maukwati pokha. Mlomo anazimitsa makina, napukuta manja, n'kuima chilili, chifuwa chili patsogolo.

"Bambo, alendo athu aja ndi awa," anatero.

Apongozi anaima pa sitepe yomaliza. Mlendoyo anadzuka pampando n'kuweramitsa mutu mwaulemu.

"Amisiri, muli kuno?" anafunsa apongoziwo. "Paja munati makina anu onse anafa. Nanga geti la kunyumba kwanga lija lili pati?"

"Latha, bwana," anayankha mlendoyo. "Achimwene awa akangomaliza kuboola apa, mawa tidzakuikirani."