Thole Lokana Mkaka

"Kodi leronso silinamwe?" anafunsa kapitawo ataima pakhomo la khola.

Mayi womwetsa mathole anali chigwadire ndi ndowa ya mkaka wozizira kale, mawondo atachita dzanzi. Linali tsiku lachitatu tholelo likukana kumwa. Linkangotulutsa lilime pampata wa matabwa n'kumanyambita khutu la linzake lotsekeredwa mbali inayo.

"Lamulo la abwana mukulidziwa, alamu. Thole lililonse palokha, kuopa matenda. Ntchitoyi ndinakupezerani ndine. Mukaphwanya lamulo, ine sindikudziwani," anachenjeza kapitawo uja.

"Ngakhale kunyumba simundidziwa kale, alamu," anatero mayiyo motopa.

Anadzuka pang'onopang'ono atagwira m'chiuno, n'kupukuta manja pa epuloni.

"Ndibwerekeni hamala ndichotse matabwawa. Awiriwa agona limodzi lero."