Mlendo Amene Analipo

"Amayi aja tinkawasamala ngati mazira," anatero Bambo Brubaker, wapolisi wopuma ntchito. Ankafotokozera ana a sekondale za amayi omwe ankamangirira matewera a makanda awo kumpanda wa kampu ya asilikali, pokana mabomba a nyukiliya mu 1983.

Mayi Doreen, ophika pasukulupo, ankadutsa pakhomo la holo yomwe ankalankhuliramo. Atamva mawuwo, anaima. Anakweza dzanja lawo lopindika.

"Brubaker, dzira lake ndi ili? Si iwe unandithyola pondikoka kumpanda kuja? Ulibe manyazi, nkhalamba yabodza iwe!"

Ana onse anacheuka, maso ali tong'o.

Ahedi ananyamuka msangamsanga, akumwetulira mokakamiza.

"Doreen, chonde bwererani kukhitchini. Asiyeni anawa amve mbiri kwa munthu amene analipo."