Dayisi Kuseri kwa Katoni

Dayisi inagubuduzika kuseri kwa katoni yotchinga osewera kuti asaone, koma telala anaiona pagalasi la kabati: wani. M'masewera awowa, momwe aliyense amasewera ngati munthu wongopeka wolembedwa papepala, wani ndi imfa. Ndiyo inapha msilikali wa telalayo sabata yatha, atamusewera zaka ziwiri.

Woyendetsa masewera anaiphimba ndi chikhatho n'kuyang'ana mlamu wake.

"Alamu, mlenje wanu wapulumuka. Muvi wangomupala khutu."

Ena anaseka. Telala anangopuma mozama. Woyendetsayu anakulira limodzi ndi telalayo, ndipo ndi yemwe ankalumbira kuti kuseri kwa katoni sikulowa chibale.

"Tafika kwa inu, atelala. Msilikali wanu watsopanoyu akutani?"

Telala anapinda pepala lake pang'onopang'ono ngati nsalu ya mwini.

"Akukafunsira mbeta kwanu, achimwene. Mwina nayenso angakhalitseko."