Imodzi yokha pa zana

Hadi disiki, mbali ya kompyuta yosungiramo zinthu, inangoti khe, khe, khe, kenako zii. Shaibu, wokonza makompyuta pa Mangochi, anaizula n'kuiika pa chitenje chimene mayi Conceição anaikulungiramo.

"Yafa, mayi. Mwangochita tsoka. Opanga ake amati pa zana imafa imodzi yokha pachaka."

M'menemo munali chithunzi chimodzi: Joana, mwana wawo, atavala diresi la ubatizo, asanathawe nkhondo ku Mozambique. Chapepala anachiika m'bokosi la maliro la amuna awo ku Nkope, pachifuwa pa malemuwo, poti Shaibu yemweyu anawatsimikizira kuti cha m'makina sichidyedwa ndi chiswe.

"Amawerenga ndani za pa zanazo?" anafunsa mayiwo.

"Akunja, kumene amazipangako."

"Ndiye yangayi aiwerenga?"

Shaibu anayang'ana pansi. "Sadziwa n'komwe."

"Kumsasa wa othawa nkhondo kunabweranso owerenga," anatero mayiwo. "Anati kolera wachepa, ana akupulumuka. Joana tinali titamuika dzulo lake. Palibe anatifunsa."

Anaikulunganso disikiyo m'chitenje chija mosamala, osasiya pena poonekera, ndipo anatuluka ataifungatira.