Dishi Itaweramira Pansi

Kuno ku zilumba za Svalbard, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, mu Disembala ngakhale masana kumakhala mdima wa ndiweyani. Titangodya nkhomaliro, Torunn, mnzanga wa pamakompyuta, anandituma kukaona dishi yathu yaikulu. Dishiyi imamvetsera nyenyezi zakutali limodzi ndi madishi a m'mayiko ena, kuti tidziwe mmene nthaka ikusunthira.

"Manambala akubwera opanda mutu," anatero. "Tenga mfuti. Chimbalangondo sichinyoza nyama yowonda ngati iwe."

Dishi ija ndinaipeza itaweramira pansi, italoza kugombe la nyanja. Inkatembenuka pang'onopang'ono, ngati ikutsatira munthu woyenda.

Ndinamuitana pa wayilesi. "Torunn, waitsitsiranji?"

"Usandiseweretse, Sindre. Kuno kompyuta ikuonetsa kuti yayang'ana kumwamba."

Ndinaunika ndi tochi komwe inkalozako. Kunalibe chimbalangondo, ndipo pachipale chofewa panalibe mapazi ena koma anga okha. Dishi inapitirizabe kutembenuka, kuchoka kugombe, kudutsa msewu, n'kukwera njira yomwe ndinadzera.

Kenako inaima italoza pafupi ndi phewa langa lamanzere.

"Sindre," anatero Torunn motsitsa mawu, "akupumira m'wayilesimu ndiwe?"

Ine n'kuti nditabanika, osapuma n'komwe.